Chimene chimachotsa msanga achinyamata m'makampani a uphungu

Mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani achinyamata amasiya msanga ntchito m'makampani opereka uphungu pa zamalonda. Ambiri amaloza malipiro, koma ine ndimaona kuti chachikulu n'kutopa kopanda woyamika. Wachinyamata amakhala pa kompyuta mpaka pakati pa usiku akukonza lipoti, m'mawa mwake bwana n'kulisintha lonse, ndipo likamaperekedwa kwa kasitomala dzina lake silitchulidwa n'komwe, zomwe zimapweteka mtima kwambiri. Komanso makampani akuluakulu a uphungu ngati McKinsey amadziwika ndi ndondomeko yakuti amene sakukwezedwa pa nthawi yake achoke, choncho munthu amayamba kufunafuna kwina asanauzidwe. Ena amapita kukaphunzira digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi (MBA) pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, pamene ena amalembedwa ntchito ndi makasitomala omwewo amene ankawathandiza.