Funsani Amayi: Envulopu ya ku Salima ndi makalata ena a kuntchito

Mwezi uno makalata ambiri akukamba za kuntchito, ndipo ndasankhapo atatu. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse, makalata aatali ndawafupikitsa.

FUNSO: Zikomo mayi. Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimagwira ntchito mu ofesi ya ndalama pa bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe. Tikachititsa maphunziro kunyanja ku Salima, abwana amandiuza kuti pa ndandanda wa olandira alawansi ndiwonjezerepo mayina a anthu amene sanabwere, ndipo masiku atatu ndilembe asanu. Zotsalazo amagawa, ine yanga amandipatsa mu envulopu. Tsiku lina nditazengereza anangoseka n'kunena kuti mbuzi imadya pomwe ayimangirira. Chondizunguza mutu n'chakuti abwanawa ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo amatsegula ndi pemphero msonkhano wathu wa Lolemba m'mawa. Ine ndili pa lendi, mkazi wanga ndi woyembekezera, komanso ndimalipirira mng'ono wanga sukulu. Pa ndalama ya mu envulopuyo ndimachotsapo chakhumi mosaphonya. Kodi Mulungu akundiwerengera tchimo, pomwe ine ndikungomvera wondilemba ntchito?
Wosowa tulo, Lilongwe

YANKHO: Mwana wanga, tiyambe ndi chakhumicho, poti ndi pomwe mwabisala. Munthu amapereka chakhumi pa zake. Ndalama ya mu envulopuyo si yanu, si ya abwana anu, ndi ya anthu amene bungwe lanu linaipemphera. Ngati maphunzirowo ndi a alangizi a zaumoyo, ndiye kuti pali mlangizi wina kumudzi amene sanaitanidwe chifukwa akuti ndalama zatha, chonsecho malo ake anatenga dzina la munthu wongopeka. Kuponya gawo la ndalama yotere m'mbale ya chopereka sikuiyeretsa. Pa Yesaya 61:8 Mulungu akunena yekha kuti amakonda chilungamo ndipo amadana ndi zakuba.

Za kumvera abwana, n'zoona, Akolose 3:22 amatiuza kumvera otilemba ntchito. Koma vesi lomwelo limatha ndi kuopa Ambuye, ndipo Petro pa Machitidwe 5:29 anayankha akuluakulu a nthawi yake kuti kumvera Mulungu kumayamba. Abwana angakutumeni kugwira ntchito Loweruka, angakutumeni ku Nsanje mwezi wa Okutobala, zimenezo mverani. Kulemba bodza sangakutumeni.

Pali ndime ina imene ndimaikonda chifukwa ndi ya anthu ngati inu ndi ine, anthu a malisiti. Pa Luka 3, okhometsa msonkho ndi asilikali anapita kwa Yohane M'batizi kukafunsa choti achite. Taonani kuti sanawauze kuti asiye ntchito akakhale naye m'chipululu. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse zoposa zimene anawalamula, asilikali anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Kulapa kwa anthu amenewa kunali koti kukaonekere pa tebulo lawo la ntchito.

Tsopano ndilankhule ngati mayi amene anakalambira mu ofesi ya ndalama mpaka kupuma. Pa mapepala onamawo pali sayini ya ndani? Abwana ochenjera salemba kanthu, amangolankhula pakhonde kapena m'galimoto. Tsiku limene adzabwere ofufuza mabuku, cholembera chimene adzachipeze ndi chanu, ndipo abwana omwewo adzadabwa nawo limodzi. Mukukumbukira Cashgate ya mu 2013, pomwe mabiliyoni a boma anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse? Ena mwa anthu amene anakagwira ukaidi anali ogwira ntchito wamba a m'maofesi a ndalama. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala m'zipatala. Mabungwe nawonso n'chimodzimodzi: opereka ndalama akatulukira, amatseka pulojekiti yonse, mlonda ndi wophika tiyi n'kuluza nawo ntchito pa mlandu umene sakuudziwa.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba chimene chili m'manja mwanu ndi envulopu. Ikaneni. Musachite kulalikira, musawawerengere abwana mavesi, amawadziwa kuposa inu. Ingonenani mwaulemu kuti, "Bwana, pepani, iyi sindilandira, mtima wanga sukundilola." Mukangosiya kudya nawo, mphamvu yawo pa inu yachepa, chifukwa chimene chimamanga pakamwa anthu ambiri m'maofesi si mantha okha, ndi gawo limene analandira.

Pa ndandandawo, lembani amene anabweradi ndi masiku amene anakhaladi. Akakukakamizani, pemphani kuti lamulolo akutumizireni polemba, kaya pa imelo. Mudzaona kuti ambiri pamenepo amabwerera m'mbuyo. Sungani makope a ndandanda weniweni pamalo abwino, osati mu kompyuta ya ku ofesi yokha. Zikapitirira, mabungwe ambiri ali ndi bodi komanso njira yokanenera zachinyengo mwachinsinsi, werengani malamulo a bungwe lanu muone. Kunja kulinso bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, lomwe limalandira madandaulo. Koma dziwani kuti inunso munalandirapo, choncho musanapite kulikonse kambiranani kaye ndi munthu wodziwa malamulo, kuti mukafotokoze mbali yanu nokha asanakufotokozereni ena.

Sindikunamizani kuti zikhala zokoma. Mwina adzasiya kukutengani pa maulendo a kunyanja, mwina kontirakiti yanu ikatha sadzaiwonjezera. Ndaonapo anthu oongoka akukhala pa mpando umodzi zaka zambiri anzawo akukwezedwa. N'chifukwa chake nkhaniyi muyambe kukambirana ndi akazi anu usiku uno, musanalankhule ndi abwana. Mayiwo ndi amene adzaone kuchepa kwa ndiwo, ayenera kudziwa chifukwa chake ndi kuvomereza nanu limodzi. Yambaninso kufunsira ntchito kwina mwakachetechete. Za zimene munalandira kale, werengani Luka 19 muone zimene Zakeyu anachita, kenaka mukhale pansi ndi abusa anu kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, muone mmene mungabwezere pang'onopang'ono.

Za ukulu wa mpingo wa abwanawo ndingonena mwachidule. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 77 ndi Akhristu. Ndiye amene amasowetsa mankhwala, amene amafuna ya fanta kuti fayilo iyende, si alendo ochokera kutali, ndi ife tomwe timaimba kwaya Lamulungu. Zisakudabwitseni, ndipo zisakugwetseni mphwayi ndi mpingo. Iwowo adzayankha zawo. Ngati muli mpingo umodzi, Mateyu 18:15 amati muyambe kukaonana nawo pa awiri, koma poti ndi abwana anu, ine ndingakulangizeni kuti muyambe mwaongola zanu.

FUNSO: Mayi, ku ofesi kwathu tili ndi gulu la mapemphero a masana ndipo ndine ndimatsogolera. Mzimu ukatsika nthawi zina timafika 2 koloko. Abwana atilembera kalata yotichenjeza, akuti anthu akumadikira pa mzere. Chonsecho mnzathu wachisilamu amapita ku mzikiti Lachisanu lililonse osamuletsa. Kodi si chizunzo chimenechi? Tipemphere motani kuti satana achoke pa ofesi pathu?
Mlongo mwa Ambuye, Zomba

YANKHO: Achemwali, chizunzo ayi. Nthawi ya nkhomaliro ndi yanu, pempherani mmene mungathere. Ikakwana 1 koloko nthawiyo ndi ya agogo aja amene akwera minibasi ndi ndalama yobwereka kudzasayinitsa pepala limodzi, ndipo akuyang'ana dzuwa kuti apeza chokwera pobwerera kapena ayi. Iwowo akamamva nyimbo kuseri kwa chitseko chotseka, mukuganiza akunena zotani za Yesu wanu?

Danieli ankapemphera katatu pa tsiku ali pa ntchito ya boma ku dziko lachilendo. Koma werengani Danieli 6:4: adani ake atafufuza ntchito yake sanapezemo cholakwa chilichonse kapena kunyozera. Inu abwana anu apeza cholakwa, ndipo akunena zoona.

Mnzanu wachisilamuyo musiyeni. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo kwa iye ndi kwa inu chimodzimodzi, ndipo ndikuganiza kuti iye anachita kupempha n'kugwirizana ndi abwana za ola limenelo. Inunso chitani zomwezo. Sankhani munthu mmodzi wosunga nthawi, Amen amveke isanakwane 1 koloko, ndipo mukayankhe kalatayo ndi kupepesa. Tsiku lofuna kupemphera nthawi yaitali, kumanani mukaweruka.

FUNSO: Ndili ndi mtsikana wantchito wa zaka 19 wochokera ku Thyolo. Ndi wabwino, koma wayamba kuvuta kuti azipita ku tchalitchi Lamulungu lililonse. Ife timapita tonse ku mapemphero, ndipo pobwera nthawi zambiri timakhala ndi alendo, ndiye pamafunika wina wotsala kuphika. Ndinamuuza kuti azipemphera nafe madzulo pakhomo. Komanso wayamba kung'ung'udza malipiro akachedwa, chonsecho nanenso kuntchito amatichedwetsera. Amadya nafe, amagona m'nyumba mwathu ngati mwana wathu. Kodi ndikulakwitsa?
Mayi wa ana atatu, Blantyre

YANKHO: Mayi anzanga, mukulakwitsa, ndipo ndikuuzani mosapsatira chifukwa nkhani imeneyi ife amayi a m'mipingo timaizemba. Timavala yunifolomu zoyera Lachinayi, koma amene wazichapa ndi kuzisita sitimufunsa kuti iye anakalowa liti m'nyumba ya Mulungu.

Lamulo la Sabata lili pa Deuteronomo 5:14 silinalembedwere eni nyumba okha. Limatchula mwana wanu, wantchito wanu wamwamuna ndi wamkazi, ngakhale ng'ombe ndi bulu, ndipo limanena chifukwa chake: kuti wantchito wanu apumule monga inu. Vesi lotsatira limakumbutsa Aisraeli kuti nawonso anali akapolo ku Iguputo. Lamulo la dziko nalo likugwirizana ndi zimenezi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 silimalola kugwiritsa munthu ntchito masiku opitirira 6 otsatizana osamupatsa tsiku lathunthu lopuma. Choncho mtsikanayo sakupempha chifundo, akupempha chake.

Mawu akuti "ngati mwana wathu" ndimawamva kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amatuluka ikafika nkhani ya ndalama. Ana anu atatuwo alipo amene amatsala kuphikira alendo ena onse ali ku tchalitchi? Mtsikanayu anasiya kwawo kudzagwira ntchito, ndipo mwina kumudziko kuli mayi ake amene akudikira ndalama ya feteleza pa tsiku limene munagwirizana. Inu malipiro akachedwa muli ndi kothawira, kaya banki m'khonde, kaya amuna anu. Iye alibe. Deuteronomo 24:15 amati waganyu wosauka alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5:4 amati malipiro obedwa kwa antchito amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye. Mukalandira zanu, patulani zake poyamba, musanagule yuniti ya magetsi kapena nsalu ya chikwati, ndipo musungiretu za mwezi umodzi kuti kuchedwa kwa kuntchito kwanu kusamamugwere iye. Funsaninso ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu kuti malipiro ochepetsetsa a antchito apakhomo afika pati panopa, chifukwa boma limawasintha, ndipo ambiri tikulipirabe mitengo yakale.

Za nkhomaliro ya Lamulungu si nkhani yovuta. Ndiwo phikani Loweruka madzulo. Nsima sitenga ola, ndipo ngati mwa ana atatuwo muli anyamata, ino ndiye nthawi yoti aphunzire kugwira mthiko. Mtsikanayo mumufunse mpingo wake, mumusonyeze kumene uli, ndipo akapita musamuikire malire akuti 10 koloko akhale atabwera. Tsikulo ndi lake lonse.