Sitima zakale za dizilo: kodi haidrojeni ingazipulumutse?

Mwa makalata a sabata ino muli ina yochokera kwa bambo wina wokhala ku Birmingham. Akufunsa kuti: "Bwanji sitima zakale za dizilo zoyenda m'njanji za kumidzi osangozichotsa injini n'kuikamo za haidrojeni, m'malo mogula zatsopano?"

Bambo, kutheka n'kotheka, ndipo kwanu komweko anayesapo. Kampani yobwereketsa sitima ya Porterbrook ndi University of Birmingham anatenga sitima yakale ya Class 319 n'kuisandutsa HydroFLEX. Anaionetsa mu 2019, ndipo mu 2020 inayenda pa njanji yaikulu. Koma taonani: Class 319 sinali ya dizilo, inali ya magetsi kale. Sitima ya haidrojeni kwenikweni ndi yamagetsi yodzinyamulira pophikira magetsi ake. Haidrojeni imakumana ndi mpweya mu chipangizo chotchedwa fuel cell, magetsi amatuluka, utsi wake n'kukhala nthunzi chabe. Choncho yomwe ili ndi mamota a magetsi kale ndiyo yosavuta kusintha. Yadizilo yeniyeni muyenera kuitumbula m'mimba monse.

Vuto lachiwiri ndi malo. Haidrojeni ndi yopepuka koma imafuna matanki akuluakulu. Ku Germany amawaika padenga. Ku Britain milatho ndi ngalande za pansi pa mapiri n'zothina, padenga palibe mpata, moti pa HydroFLEX matanki ndi makina zinadya chitolera chonse chomwe mukadakhala anthu.

Chimene chimandigwetsa mphwayi kwambiri ndi nkhani ya ku Germany komweko, kumene sanachite zokonza zakale koma anagula zatsopano. Mu 2022 chigawo cha Lower Saxony chinayamba kuyendetsa sitima 14 za Alstom Coradia iLint pakati pa Cuxhaven, Bremerhaven, Bremervörde ndi Buxtehude. Kuyenda zinkayenda ndithu, ina inafika makilomita 1,175 itamwa haidrojeni kamodzi kokha. Koma chaka chotsatira eni ake ananena kuti njanji zotsala azigulira za mabatire, poti n'zotsika mtengo kuyendetsa. Ku Taunus, pafupi ndi Frankfurt, anaitanitsa 27. Zinkangowonongeka, mpaka anachita kubweretsa mabasi ndi sitima za dizilo kuti anthu azifika ku ntchito. Dizilo yemwe ankamupitikitsa uja ndiye anabwera kudzawombola.

Ndiye pali masamu a magetsi. Kupanga haidrojeni kuchokera m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi, kuipanikiza m'matanki, kenako kuibwezanso kukhala magetsi, mphamvu imatayika pa sitepe iliyonse, ndipo yofika ku mateyala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Batire silitaya chotere. Haidrojeni yambiri yogulitsidwa lero imapangidwanso kuchokera ku gasi, kotero utsi umangosamukira ku fakitale.

Ineyo, bambo, haidrojeni ndingaiike pa njanji yaitali kwambiri, yodutsa sitima zochepa patsiku, kumene kumanga mawaya kungakhale kutaya ndalama ndipo batire lingathere panjira. Kumeneko kokha, ndiponso ngati chigoba cha sitimayo chikadali ndi zaka zambiri zoti chigwire ntchito.