Sari ya amayi anu ija muivale tsiku limodzi basi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa chimwenye wobadwira ku Limbe, akuti akupita yekha ku Kolkata, mzinda wa ku India, kukaona chikondwerero cha Durga Puja koyamba ndiye mayi ake amupatsa sari ya Banarasi yomwe anavala pa ukwati wawo. Akufunsa ngati angamaivale masiku onse a chikondwererocho, komanso ngati mkazi angayende yekha usiku atavala sari.

Achemwali, Banarasi ndi yokongola zedi, palibe angatsutse, koma ndi siliki wolemera wokhala ndi ulusi wonyezimira uja amati zari, ndipo Durga Puja ndi nkhani ya miyendo. Anthu amayenda usiku wonse kuchoka pa pandal ina kupita pa ina, ma pandal ndi zisakasa zikuluzikulu zokongoletsedwa momwe amaikamo chifanizo cha Durga, mulungu wamkazi wa Ahindu, mizere yake ndi yaitali ndipo mu Seputembala kapena Okutobala Kolkata kumatentha kwa thukuta, mvula nayo imatha kungobwera. Nsalu ya mamita asanu ndi theka yolemera chonchija mukafika pa pandal yachitatu mwatopa nayo kale. Isungeni muivale mmawa wa Ashtami, tsiku lomwe azimayi amatchena kwambiri popita kukapereka maluwa, mujambulitse mutumizire amayi, kenako muipinde bwinobwino.

Masiku enawo gulani tant konko. Ndi sari ya kotoni yoluka ku West Bengal, yopepuka, imapita mphepo. Kota Doria ya ku Rajasthan kapena Chanderi ya ku Madhya Pradesh nazonso sizilemera koma zimaoneka za chikondwerero ndithu. Za nayiloni ndi poliyesitala ayi, kumakhala nyali zamafuta ndi moto wa zofukiza paliponse ndipo nsalu zimenezo zikagwira moto zimamatirira pakhungu.

Pitikoti ikhale ya kotoni yachingwe, mumange molimba koma osati mpaka kudula mchiuno. Sari ikwezeni pang'ono ilekeze mu akakolo, zopinda zakutsogolo zija mubaye pini, pallu, nsonga ya sari yodutsa paphewa ija, nayonso mubaye pa bulauzi isamalendewere chifukwa pa masitepe oyenda okha a metro, sitima zoyenda mumzinda, imatha kukodwa. Nsapato valani zafulati, ngakhale zothamangira, masiku ano atsikana ambiri akuvala choncho ndi sari ndipo palibe amadabwa. Ine chimene ndimaona nchakuti mkazi amene akutha kuponya mwendo momasuka, manja onse ali opanda kanthu, amayendanso mosaopa.

Za usikuzo, nthawi ya Puja misewu ikuluikulu imadzaza mabanja, agogo ndi ana omwe, ndiye khalani komwe kuli anthu, tinjira tamdima todulira tisiyeni. Gonani pafupi ndi siteshoni ya metro. Sungani 112 mu foni, ndi nambala ya ngozi ku India konse, ndipo 139 ndi ya za sitima ngati mupitirire ulendo kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Howrah. Kachikwama kakhale kopachika kutsogolo pansi pa pallu, pawabanki musaiwale, ndipo madzulo aliwonse muziwatumizira amayi lokeshoni, mtima wawo uzikhala m'malo.

Tsiku lomaliza la Dashami mukaona azimayi atavala zoyera za mkombero wofiira akupakana sindoor, ufa wofiira uja. Banarasi isayandikireko tsiku limenelo, ufawo suchoka msanga pa siliki.