Kodi gitala yamagetsi imapha nyimbo zamakolo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena. Akuti kudera kwawo kwatuluka kabandi ka anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi, akuimba nyimbo zakalekale zomwe ankaimba agogo awo koma aikamo gitala yamagetsi, besi, vayolini ndi madiramu, eniake akuti ndi folk rock. Bambo awo a achemwaliwa atamva akuti anangopukusa mutu nkuti ana awa akuwononga nyimbo. Ndiye akufunsa kuti bambowo akunena zoona kapena ndi ukalamba chabe? Anditumiziranso kavidiyo kojambula pafoni, mphindi 12.

Achemwali, mkangano umenewu sunayambire kwanu ayi. Mu July 1965 woimba wotchuka Bob Dylan anakwera pa siteji ku Newport Folk Festival ku America atanyamula gitala yamagetsi, kumbuyo kwake kuli bandi yonse, ndipo ena mwa anthu omwe anazolowera kumuona yekhayekha ndi gitala wamba anamukuwiza, iwo amaona ngati wawagulitsa. Chaka chomwecho a bandi ya The Byrds ku Los Angeles anali atatchuka kale ndi gitala ya Rickenbacker ya zingwe 12 ija yolira ngati timabelu, ndipo dzina loti folk rock linayamba kumveka nthawi imeneyo. Koma amene akufanana kwambiri ndi ana akwanuwo ndi a Fairport Convention aku England, omwe mu 1969 anatenga nyimbo zomwe anthu akhala akuimba zaka mazanamazana nkuziikira madiramu, besi ndi vayolini yolumikiza ku sipika.

Nde magetsiwo ine sindikuwaona vuto. Kavidiyo kanu ndakaonera katatu ndipo amene ndimamutchera khutu ndi wa madiramu. Nyimbo zakale zambiri sizinapangidwe kuti ziziyenda mowerengera wanu, thu, fili, folo ayi, woimba amakoka mawu pomwe nkhani yafika powawa, amapuma pomwe mpweya wamuthera, mzere wina umatalika wina nkufupika, ndiye wa madiramu akabwera ndi kugunda kwake kosasinthako nyimbo imakhala ngati munthu wamuveka nsapato yaing'ono, akuyenda ndithu koma motsimphina. Pa nyimbo ziwiri zoyamba m'kavidiyomo ndi zomwe zachitika. Mtsikanayo akuchita kuthamangitsidwa, mawu omaliza a mzere uliwonse akuwameza kuti asatsalire, ndipo wa vayolini mukumuona dzanja likuyenda koma simukumva kanthu, gitala yamukwirira. Apa bambo sakunama, ndikanakhala nawo pafupi ndikanawagwira chanza.

Koma yachitatu ija eee. Ayamba ndi mawu okha, vesi yonse popanda chida, kenako besi ikulowa pansipansi, wa madiramu timitengo waika pamwendo akungoponda ndi phazi basi, maso ali pakamwa pa woimbayo osati pa anthu. Pomwe mtsikanayo wakoka mawu iyenso wadikira. Gitala yamagetsi yabwera mochedwa ndipo ikungoyankha zomwe waimba mnzakeyo, yafuula kamodzi kokha kumapeto. Thupi linachita tsembwe, ndipo dziwani kuti ndimamvera pa kasipika ka foni.

Bandi yongoyamba kumene imakhala choncho, aliyense amafuna amveke poti zida wazivutikira, ndiye amakweza volyumu mopikisana. Zimatha akamaimba limodzi nthawi yaitali, bola asathamangire ku situdiyo, chifukwa kumeneko akakawaika kachipangizo kowerengera bitika kukhutu nyimbo yachitatu ija idzawongoka ngati zinzake nkutha kukoma. Mukakumana nawo auzeni akakhale pansi ndi achikulire omwe amaziimbabe nyimbozo, akamve mavesi onse, poti ndikukayika ngati yoyamba ija imatheradi pa vesi yachiwiri, nkhani yake yangodukira panjira.

Bambo aonetseni kavidiyoko kuyambira pa mphindi ya 8, musawauze kanthu, kenako mundilembere zomwe anene.