Sabata ya za ku Asia pa yunivesite: ndipite kapena ndi za eni ake?

Masiku apitawa ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene wangoyamba kumene digiri yachiwiri ku London. Dzina ndasunga monga anapempha. Akuti pasukulu pawo amata zikalata paliponse zolengeza sabata ya zikhalidwe za ku Asia: mafilimu madzulo, makalasi olawitsa zilankhulo masana, chionetsero cha zojambula, magule ndi zakudya. Mnzake wa m'kalasi wochokera ku Korea wamuitana. Ndiye akufunsa kuti: "Achimwene, kodi ndipite? Ndikuopa kukangoti njo pakona, wakuda ndekha, osadziwa chilichonse. Nthawi yanganso ndi yochepa, maola 20 a ganyu amene viza imandilola ndimawagwira onse. Kodi zimenezi si za eni ake?"

Achemwali, pitani. Koma ndisangoti pitani basi, chifukwa mantha anuwo ine ndikuwadziwa, ndinawasenzapo chaka changa choyamba kumeneko.

Choyamba, mwambo wotere amaukonza poganizira inuyo. Eni ake akafuna kusangalala okha sasowa kumata zikalata m'makhonde a sukulu. Amangophika mpunga kunyumba kwa mmodzi wa iwo n'kutseka chitseko, monga timachitira ife pa 6 Julayi tikapeza ufa ndi chambo chouma. Akalipira holo, akaika mawu a Chingerezi m'munsi mwa filimu, akakonza kalasi ya munthu amene sadziwa ngakhale moni, ndiye kuti akusaka mlendo. Chimene okonza amaopa kwambiri ndi kuona m'holo muli nkhope zawo zokhazokha. Mnzanu wa ku Korea uja akukuitanani chifukwa akufuna munthu woti amuonetse kwawo.

Komanso inu si mlendo kwenikweni pa zimenezi, ngakhale mukudziona choncho. Ndani wa ife anakula osalowako m'vidiyo sho? Kachisakasa kamdima, mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, pakanema Bruce Lee kapena Jackie Chan akugwetsa anthu khumi. Kenako kunabwera anyamata otanthauzira mafilimu m'Chichewa, amene amamupatsa mkulu wa kung fu mawu oti ngakhale wolemba filimuyo sanawalote. Mafilimu a ku India nawo tinawaonera, a maola atatu aja, oti mnyamata akangomuona mtsikana mudzi wonse wayamba kuvina. Samusa timadya pa depoti, chapati timaidziwa, ku Limbe tinakula tikugula kwa amwenye amene makolo awo anafika m'nthawi ya atsamunda. Anthu ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera kwathu kuyambira 1971, ena a inu anakuphunzitsani masamu kusekondale. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Daeyang Luke chimene anayambitsa ndi anthu a ku Korea. Asia munakumana naye kale. Kungoti munakumana naye pa msika ndi m'vidiyo sho, tsopano akukuitanirani pabalaza.

Mawu akuti Asia omwewo muwachenjere. Ku Britain munthu akati "Asian" nthawi zambiri akunena wa ku India, Pakistan, Bangladesh kapena Sri Lanka, pamene ku America mawu omwewo amayamba akumbutsa anthu za China, Japan ndi Korea. Chigawochi chili ndi anthu oposa theka la anthu onse a pa dziko lapansi. India yekha ndi China yekha aliyense wadutsa 1.4 biliyoni. Ndiye sabata imodzi singachikwanitse. Zili ngati "usiku wa Africa" uja amatikonzera, pamene mpunga wa jollof, ng'oma imodzi ndi nyimbo ya amapiano zimaimira tonse kuyambira ku Cairo mpaka ku Nsanje. Mukudziwa mmene zimakupwetekerani munthu akakufunsani ngati mumalankhula "Chiafirika". Musakamuchite mnzanuyo zomwezo. Korea, Japan ndi China ali ndi mbiri yowawa pakati pawo. Korea inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, ndipo mabala ake sanapole. Kumupatsa moni wa Chijapani munthu wa ku Korea si nthabwala yabwino.

Poti nthawi yanu ndi yochepa, ine ndikanakhala inu ndikanasankha zinthu ziwiri zokha: kalasi imodzi ya chilankhulo ndi filimu imodzi. Zinazo ndi ndiwo zoonjezera.

Za chilankhulozi ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mudzadabwe nokha. Tsiku limene ndinalowa kalasi yolawitsa Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China, mphunzitsi analemba "ma" kanayi pa bolodi. Ukalitchula mokweza mosasintha ndi mayi, ukalikweza ngati ukufunsa ndi chomera cha mtundu wa chamba, ukalitsitsa n'kulikwezanso ndi hatchi, ukaligwetsa ndi kukalipira. Azungu amene ndinali nawo anatuluka thukuta, kwa iwo onse anayi ankamveka chimodzimodzi. Ine ndinangokumbuka mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Timalemba mofanana, koma palibe mwana wa kwathu amene amasokoneza, chifukwa khutu lathu linazolowera kuti kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo. Sindikunena kuti Chimandarini ndi chophweka. Zilembo zake zimafuna zaka, ndipo kuti uwerenge nyuzipepala umafunika kudziwa masauzande angapo. Koma pa khomo loyambalo ife timalowa osawerama.

Chijapani ndiye chimaseketsa. Ali ndi mavawelo asanu ngati ife, a, i, u, e, o, ndipo pafupifupi silabo iliyonse imathera pa vawelo. Akabwereka mawu ku Chingerezi amawachita zomwe timawachita ife: ife timati tebulo, iwo teburu, ife basi, iwo basu. Ngakhale vuto lathu lija losokoneza l ndi r ali nalo, moti mukakhala pamodzi palibe woseka mnzake. Dzina ngati Chikondi kapena Tamanda Mjapani amalitchula bwinobwino ulendo woyamba, pamene Mngelezi mumamubwerezera katatu mpaka mumangomulola akutchuleni mmene akufunira. Mukakumana ndi wa ku Vietnam wa dzina loti Nguyen, dziwani kuti likuyamba ndi ng' wa ng'ombe uja. M'kalasi monse mwina mudzakhala nokha wotha kuliyamba molondola.

Koma poti wokuitanani ndi wa ku Korea, lowani kalasi ya Chikoreya. Alifabeti yawo, Hangul, ndi imodzi mwa zochepa pa dziko zimene timadziwa amene anazipanga ndi chifukwa chake. Mfumu Sejong inaikonza mu 1443 n'kuilengeza mu 1446, poona kuti anthu wamba sankatha kulemba ndi zilembo za Chitchaina zimene ophunzira okha ndi amene ankazidziwa. Lero ili ndi zilembo zoyambira 24, makonsonanti 14 ndi mavawelo 10, ndipo makonsonanti ena anawajambula motsanzira mmene lilime ndi milomo zimakhalira powatchula. Ku South Korea tsiku la 9 Okotobala ndi holide yokumbukira alifabetiyi. Tangoganizani, dziko lonse kupuma chifukwa cha zilembo! Pa ola limodzi mukhoza kutuluka mukutha kulemba dzina lanu. Chinanso chimene simudzavutika nacho ndi ulemu wa m'chilankhulo. Mphunzitsi akayamba kufotokoza kuti mneni amasintha malinga ndi msinkhu wa amene ukulankhula naye, Angelezi amakanda mutu poti iwo "you" ndi wa mfumu ndi galu yemwe. Inu mumadziwa kale kusiyana kwa iwe ndi inu, kwa bwera ndi bwerani. Kupereka chinthu ndi manja awiri, kapena dzanja lina litagwira mkono, nakonso amachita. Agogo anu akanangoti anthu awa analeredwa.

Pa filimu, musathamangire imene ikufanana ndi zomwe mukuzidziwa kale. Za nkhonya munaonera zokwanira. Mayunivesite amakonda kuonetsa zakale zimene simungazipeze mwangozi, ndipo phindu lili pamenepo. Ngati pa ndandanda pali Rashomon ya Akira Kurosawa, imene inapambana mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 1951 n'kutsegulira mafilimu a ku Japan khomo la ku Ulaya, ipiteni. Ndi mlandu umodzi umene anthu anayi akuufotokoza mosiyana, aliyense modzikometsera. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la amfumu n'kumva mboni zikutsutsana pa nkhani ya mbuzi imodzi adzaimva msanga kuposa pulofesa. Ngati pali Pather Panchali ya Satyajit Ray ya 1955, tengani kansalu kopukutira misozi: ndi banja losauka m'mudzi wa ku Bengal ku India, denga lodontha, bambo wopita kutali kukasaka ndalama, ana othamangira kukaona sitima. Ine ndinaiona ngati ya kwathu, kusiyana zovala basi. Mnzanuyo mwina adzakukokerani ku filimu ya kwawo, Parasite ya Bong Joon-ho, imene mu 2020 inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupambana Oscar ya filimu yabwino koposa. Imeneyo ndi ya mabwana ndi antchito a pakhomo, ndipo aliyense wodziwa mtunda umene ulipo pakati pa Area 43 ndi Mtandire safunika womumasulira.

Filimu ikatha musathawe. Kawirikawiri pamakhala zokambirana, mphunzitsi wa za mafilimu kapena wophunzira wa dziko limenelo akuyankha mafunso. Ola limenelo ndi limene simungalipeze pa Netflix.

Zojambula ndi nyimbo mungodutsako ngati mpata ulipo. Pa tebulo lolembera ndi burashi adzakupatsani inki yakuda ndi pepala lopyapyala, ndipo mudzazindikira kuti mzere umodzi wokha uli ndi poyambira, popumira ndi pothera. Mukamva kuti kuli gamelan, gulu la zoimbira zachitsulo la ku Indonesia, imani mumvetsere mmene oimba awiri amalukirana nyimbo imodzi, wina kulowa m'mipata ya mnzake, monga amachitira oimba mangolongondo kwathu. Ndipo poti muli ku London, sabatayi ikatha zinthu sizithera pomwepo. Sukulu ya SOAS ku Bloomsbury, imene inakhazikitsidwa mu 1916 kuti iziphunzitsa za Asia ndipo kenako inaonjezera Africa, ili ndi nyumba ya zionetsero yolowa ulere. Korean Cultural Centre pafupi ndi Trafalgar Square imachititsa chikondwerero cha mafilimu a ku Korea chaka chilichonse, ndipo Japan Foundation imayendetsa mafilimu a ku Japan m'mizinda yosiyanasiyana ya ku Britain kumayambiriro kwa chaka.

Tsopano chimene sindingakubisireni. Mukalowa, yang'anani m'munsi mwa chikalata muone amene walipira. Zina amakonza ndi magulu a ophunzira okha, ndi ndalama zosonkherana, ndipo zimenezo zimakhala zosokonekera pang'ono koma zokoma. Zina kumbuyo kwake kuli maboma, kudzera m'mabungwe awo ofalitsa chilankhulo ndi chikhalidwe. Japan Foundation ndi ya boma la Japan kuyambira 1972, King Sejong Institute ndi ya Korea, Confucius Institute ndi ya China, ndipo Confucius Institute yoyamba inatsegulidwa ku Seoul ku South Korea mu 2004. Palibe chachilendo pamenepa, British Council ndi Alliance Française akhala akuchita zomwezo kwa ife kuyambira kale. Boma lililonse limayala mphasa yatsopano mlendo akamabwera, yong'ambika limabisa kuchipinda. Koma Confucius Institute yakhala ikukanganitsa anthu chifukwa imakhala m'kati mwenimweni mwa yunivesite, ndipo otsutsa amati nkhani zimene boma la China silikondwera nazo, monga za Tibet, Taiwan ndi Tiananmen, sizikambidwa momasuka kumeneko. Sweden inatseka zake zonse pofika 2020, ndipo ku America zambiri zinatsekedwa. Ife nkhaniyi ikutikhudza, poti Malawi anasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing mu Disembala 2007, ndipo lero University of Malawi ili ndi Confucius Institute yake, University of Zambia chimodzimodzi. Ine maganizo anga ndi akuti phunzirani chilankhulo kwa aliyense wokuphunzitsani, idyani keke ya ku China imene amaitcha ya mwezi akakupatsani, koma mbiri ya dziko musaimve kwa kazembe wake yekha. Mafunso ovutawo mukafunse anzanu a m'kalasi pa tiyi, mwaulemu, ndipo wina akasintha nkhani musamukakamize, simukudziwa amene ali ndi abale kumudzi oti angavutike.

Pa nkhani yokhala wakuda nokha ija, sindikunamizani, zikhoza kuchitika. Ine pa mwambo wina wa Chaka Chatsopano chotsatira kalendala ya mwezi mayi wina anandifunsa ngati ndasochera holo. Ndinamuyankha kuti ayi, ndabwera kudzadya, tonse tinaseka, ndipo anandidzazira mbale mpaka ndinachita manyazi. Timitengo todyera tinandikanika, kachitumbuwa kanyama kanathawa m'mbale n'kugwera pa nsapato ya munthu. Pemphani foloko, palibe amene adzakumangeni. Chokhacho musazike timitengoto chilili mu mpunga, chifukwa ku China, Japan ndi Korea zimenezo zimakumbutsa nsembe ya maliro. Ngati pali chakudya cha ku India kapena Bangladesh, sambani m'manja mudye ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse.

Mupitenso ndi kakope. Lembani mmene akonzera: ndani wawapatsa holo, ndalama apempha ku ofesi iti ya bungwe la ophunzira, filimu apeza bwanji chilolezo choionetsa. Chisanathe chaka wina adzakugogodani kuti mukonze tebulo la Malawi, ndipo mudzafuna kuti pakhale zoposa mbendera ndi chithunzi cha nyanja.

Ganyu ya Loweruka musinthane ndi mnzanu wa kuntchito ngati filimu yagwera tsiku limenelo. Ndipo mnzanu wa ku Korea akakuphunzitsani kulemba dzina lanu mu Hangul, inu mumubwezere pomuuza atchule "ng'ombe". Liwu la ng' limenelo m'chilankhulo chawo lilipo, koma limangobwera kumapeto kwa silabo, monga mu dzina la Bong lija, osati koyambirira kwa mawu. Mundilembere mundiuze kuti anayesa kangati.