Thanki ya malita 600: nyali zidikire kaye

Achimwene, mwafunsa kuti mugule nyali ziti poti mukusiya mbuna n'kuyamba thanki ya madzi amchere ya malita 600 yokhala ndi ma coral, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati zomera kapena miyala. Ndiyankha, koma nyali ndaziika kumapeto, chifukwa si zimene zimaliritsa anthu.

Yambani ndi poiika. Lita imodzi ya madzi amchere imaposa kilogalamu pang'ono, ndiye mukaphatikiza galasi, miyala, mchenga ndi sump (kathanki kosefera madzi kokhala pansi pa thanki yaikulu), katunduyo amayandikira tani. Ikhale pa simenti, pa tebulo lachitsulo lowotcherera bwino komanso losapendekeka. Mukathira madzi basi, siisunthikanso.

Nkhani yaikulu ndi magetsi. Mbuna zimapirira, koma m'thanki yamchere madzi akaima mpweya umatha msanga. Kwathu anathima usiku wina kwa maola 9, m'mawa ndinapeza nsomba ziwiri zili gada, zotsalazo zikupumira pamwamba. Kuyambira pamenepo ma wavemaker anga, timapampu topanga mafunde m'thanki, ali pa batire. Gulani mapampu a DC, sadya magetsi ambiri, ndipo inverter yokhala ndi batire labwino muiwerengere pa mtengo wa thankiyo. Hita musaiike pa batire, imalimaliza msanga. Chinanso, pampu yokweza madzi ikaima madzi a m'mapaipi amabwerera mu sump, ndiye musaidzaze. Zimitsani dala tsiku loyamba muone pomwe madzi akulekezera. Ine sindinayese, pabalaza panasanduka dambo, ndipo mayi a kunyumba sanandiyankhule tsiku lonse.

Madzi a pampopi ayi, a pamjigo ndiye ayiratu. Mufunika makina osefera madzi a RO/DI, ndipo TDS, muyeso wa zosungunuka m'madzimo, izionetsa 0. Mchere wake ndi wopangira ma coral, osati wa m'khitchini: magalamu 35 mpaka 38 pa lita, kutanthauza makilogalamu oposa 20 podzaza koyamba, kenaka awiri ndi pang'ono nthawi iliyonse mukasintha malita 60. Poti kwathu kulibe nyanja yamchere ndipo mcherewu umachokera kunja, muzisunga chidebe china chosatsegula. Muyeze kuchuluka kwa mchere m'madzi ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, nambala yake ikhale 1.025 kapena 1.026. Madzi akamauma mchere umatsala, choncho pamafunika ATO yoti izionjezera madzi opanda mchere yokha.

Skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, tengani yolembedwa kuti ndi ya thanki yokulirapo pang'ono kuposa yanu. Pampu yokweza madzi kuchoka mu sump izikankha malita 2,000 mpaka 3,000 pa ola, zakwana. Mafunde enieni ndi ntchito ya ma wavemaker awiri oyang'anizana.

Kutentha kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 26 Celsius. Mahita awiri ang'onoang'ono aposa imodzi yaikulu, chifukwa ina ikakanirira osazima siphika nsomba. Koma vuto lenileni mudzaliona mu Okutobala. Fani youzira pamwamba pa sump imathandiza, ngati chipindacho chimatentha kwambiri ndiye chiller, makina oziziritsa madzi, siithawika.

Gulaninso zoyezera alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), calcium ndi magnesium. Muzisaka alkalinity ya 8 dKH, calcium ya 420 ppm ndi magnesium ya 1,300 ppm, ndipo chofunika n'chakuti manambalawo asamadumphedumphe. Thanki yanu yakale ija musagulitse, izikhala yosungiramo nsomba zatsopano masabata angapo. Mankhwala a copper amachiza nsomba koma amapha ma coral, asakhudze thanki yaikulu.

Tsopano nyali zija. Radion, AI Hydra ndi Kessil zonse ndi zabwino, kungoti mitengo yake ndi yoboola m'thumba, ndipo thanki yotalika masentimita 180 ingafune zitatu. Ngati mukuyamba ndi ma coral ofewa monga zoanthid ndi leather, LED yotsikirapo mtengo ikukwanirani. Ma coral olimba otchedwa Acropora ndi amene amafuna kuwala kwamphamvu, ndipo si oyambira. Masabata 4 mpaka 6 oyambirira thanki imakhala ikukhwima (mabakiteriya oyeretsa madzi akuswana) ndi miyala yokha, nyali zili chizimire, ndiye mutha kuziitanitsa madzi ali kale m'kati.