Yankho: Lole ikumwa dizilo kwambiri pa msewu wa Thyolo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake lole yanu ikutha dizilo msanga mukanyamula tiyi kuchoka ku Mulanje kupita ku Limbe kudzera ku Thyolo. Yambani ndi phazi lanu.

Pa zitunda za M2, sankhani giya musanayambe kukwera, osati injini itayamba kale kubuula pakati pa chitunda. Muvi wa rev, woonetsa liwiro lomwe injini ikuzungulira, uzikhala pamzere wobiriwira. Pa injini zazikulu zambiri ndi pakati pa 1,100 ndi 1,500. Mukapondereza mafuta pa giya yosayenera, yang'anani pagalasi lam'mbali: utsi wakudawo ndi dizilo yosapsa bwino.

Potsetsereka musaike nyutulo, chonde. Injini zamakono zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi giya ili momwemo, pomwe pa nyutulo zimamwabe, ndipo mabuleki amatentha mpaka kukana kugwira. Gwiritsani ntchito ekizozi buleki, yomwe imachepetsa liwiro pogwiritsa ntchito injini. Poyandikira Luchenza kapena msika wa Bvumbwe, chotsani phazi mukadali patali kuti musaimiretu, chifukwa kudzutsa katundu wolemera ataima ndiye kumadya mafuta.

Podikira kupakira kufakitale, zimitsani injini. Ikamangolira, ola limodzi imatha malita 2 kapena 3. Koma mukangofika kuchokera kuchitunda, ipatseni mphindi zitatu kuti tebo, chida chokankhira mpweya mu injini, izizire.

Mpweya wa matayala yezani m'mawa akadali ozizira. Fumbi la m'misewu ya m'minda ya tiyi limatseka fyuluta ya mpweya msanga, muziyiona pafupipafupi. Mukaima, yandikizani dzanja pa rimu iliyonse. Yotentha kuposa zinzake, mwina buleki yake ikugwira mukuyenda. Tenti imangeni ndithu, isamakupize mphepo.